Amayi Tiruye, Amene Analekanitsa Ng'ombe Zapagoli

Pa tchalitchi chathu cha Giyorgisi Woyera, kuseri kwa kanyumba kophikira mkate wa paguwa, pali mphero yakale yokumbika pakati ngati mbale. Sitiperaponso, koma palibe wansembe amene analolapo kuti itayidwe. Inakumbika chonchi ndi manja a Amayi Tiruye. Popeza ana ambiri akhala akufunsa za mwalawu, ndi bwino moyo wa mayiwa tiufotokoze monga mmene makolo athu anatisiyira. Sanachite chozizwitsa, sanaone masomphenya, ndipo kuwerenga sankadziwa. Ali moyo, ena ankawatchula mayi wopusa amene anadanitsa ana ake. Mudzaweruza nokha.

Anabadwira konkuno kumapiri a Gojamu, m'masiku amene akalonga ankalimbirana ufumu, asilikali n'kumalowa m'nyumba za anthu kudya zimene sanalime. Bambo ake anali mlimi wosauka, mayi ake odwaladwala, choncho Tiruye anagwira mwana wa mphero mano aubwana asanathe kugweluka. Kusala kwa Lachitatu ndi Lachisanu anakuyamba yekha popanda womuuza. Mlongo wake Alemneh, amene pakamwa pake sipankatseka, ankamuseka kuti: "Tiruye amasala ngakhale tsiku limene m'nyumba mulibe chakudya, kuti Mulungu aone ngati wachita kufuna." Tiruye ankangopitiriza kupera.

Atakula anakwatiwa ndi Bitew, bambo wofatsa amene mkazi wake anamwalira n'kumusiyira mwana wamwamuna dzina lake Yigzaw. Ankhoswe anakhala pansi n'kusunga m'mutu zimene aliyense anabwera nazo. Mkazi anabwera ndi kang'ombe kakakazi, chiwaya chadothi chophikira mkate wopyapyala wa injera ndi chopotera thonje. Mwamuna anali ndi nyumba, bulu ndi ming'oma ya njuchi. Mwana sanamuwerengere ku mbali ya wina aliyense. Iye anabisala kuseri kwa nkhokwe akuyang'ana mlendoyo ndi diso la ukali. Tiruye sanamunyengerere ndi mawu. M'mawa uliwonse injera yoyamba kupsa ankaipinda n'kuiika pamwala pafupi ndi nkhokwe, mpaka tsiku lina mwanayo anabwera kudzaidikira yekha pamoto. Apa m'pamene panachokera mawu amene mayiwa anawanena mpaka ukalamba: "Mwana amene wadya pa chiwaya changa ndi wanga."

Mavuto sanawalambalale. Anaika m'manda ana atatu asanayambe n'kuyenda komwe. Dzombe linadya chaka china, asilikali anadya chaka chotsatira, ndipo kang'ombe kaja kanapulumuka chifukwa Amayi Tiruye anagona nako kuphompho mpaka gulu litadutsa. Ana amene anakhala moyo anali mtsikana Birke ndi mnyamata Chekol. Chekol anakulira kumsana kwa Yigzaw. Kumene achimwene ake aponda, iye apondanso, ndipo mlendo sakanadziwa kuti awiriwa anayamwa mabere osiyana.

Pa mbewu ya kang'ombe kaja panadzabadwa ng'ombe zamphongo ziwiri, yotuwa Dalecha ndi yamawanga Bure. Yigzaw ndiye anawaphunzitsa goli, Dalecha kumanja, Bure kumanzere. Zinali ng'ombe zomvana moti mwini akangotsokomola zinkatembenuka zokha kumapeto kwa mzere.

Bitew anamwalira ndi chifuwa ana onse atakwatira kale. Sadaka ya tsiku la makumi anayi itatha, ankhoswe anaunjika katundu m'milu iwiri monga mwa mwambo, theka la mkazi ndi theka la malemu loti ana ake agawane. Mwana aliyense kuno amadziwa kuti ng'ombe zapagoli sizilekanitsidwa, choncho Dalecha ndi Bure anakhala mulu umodzi, ndipo m'mulu winawo munalowa ng'ombe yamkaka, bulu, nkhosa ndi ming'oma. Anaitana munthu wapaulendo amene sankadziwa kanthu, n'kumupatsa timitengo ta maere kuti aponye. Kamtengo ka Amayi Tiruye kanagwera pa ng'ombe zapagoli. Palibe amene anadandaula, chifukwa Yigzaw anapitiriza kulimira minda yonse monga kale.

Chaka chitatha, mayiwa anapita kwa bambo wawo wauzimu, Abba Mekuria, kukapempha chipewa chachikasu cha amayi odzipatula.

"Mukudziwa tanthauzo lake, Amayi?" anafunsa Abba. "Tidzakukulungani m'nsalu ya maliro n'kukuwerengerani mapemphero a akufa muli maso. Wakufa alibe ngakhale chipande."

"Chipande ndachigwira mokwanira, Abba."

"Ndiye kagaweni zonse. Mukabwera kuno mubwere manja lende."

Anasankha tsiku litatha dzinja, zokolola zili m'nkhokwe. Anatulutsa zonse pabwalo, abale ndi anansi atakhala mozungulira. Birke anam'patsa chiwaya, chopotera thonje, nsalu ya pa chikondwerero ndi ndolo zasiliva zimene zinali za agogo ake. Mkazi wa Chekol analandira mitsuko ndi kama wa zikopa. Mkazi wa Yigzaw analandira mphika waukulu wofululira mowa ndi madengu. Njerwa za mchere, zimene zinali ndalama za masiku amenewo, anazigawa patatu: zina za makandulo a tchalitchi, zina za Birke, zina za mayi woumba mbiya wa kumalire kwa mudzi amene anthu sankafuna kudya naye. Ngakhale singano inapeza mwini wake. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene panatsala ng'ombe ziwiri zija zikubzikula pansi pa mtengo.

Alemneh anakonza pakhosi. "Mlongo wanga, pano palibe chovuta. Zako zimatsata magazi ako. Yigzaw analandira kale gawo lake pa za bambo ake, ndipo Birke wakhutira. Ng'ombe ndi za Chekol."

Amayi Tiruye anayang'ana Chekol, amene chingwe anali atachigwira kale m'manja. Anayang'ananso Yigzaw, amene anali atazyolika akukanda pansi ndi kamtengo. Mwambo unali kumbali ya mlongo wawo, iwonso ankadziwa. Koma mtima unawakanira kunena pamaso pa anthu kuti mmodzi wa awiriwa ndi mwana pang'ono.

"Dalecha apite kwa Yigzaw," anatero. "Bure apite kwa Chekol."

Pabwalo wina anaseka, kuseka n'kufalikira.

"Bwanji osagawanso mphero?" anatero Alemneh. "Wina atenge mphero, wina mwana wake, tione amene adye. Ng'ombe imodzi ndi pakamwa podyera udzu basi."

Chekol anaimirira. "Amayi, ine ndinatuluka m'mimba mwanu. Uyu anatuluka mwa ndani?"

Chibadwire sanawatchulepo achimwene ake kuti uyu. Yigzaw anadzuka pang'onopang'ono, anamasula Dalecha, n'kunena mawu amodzi okha: "Ndamva." Dzuwa lisanalowe anali atatseka ndi minga kampata kamene kanali pa mpanda pakati pa nyumba zawo, kamene ana ankadutsira kukapala moto.

Lamulungu lotsatira Amayi Tiruye anakulungidwa m'nsalu ya maliro, anadzuka atavala chipewa, n'kulowa m'kanyumba ka udzu pafupi ndi manda. Anapatsidwa ntchito yopera tirigu wa mkate wa paguwa, ntchito imene imaperekedwa kwa mayi wokalamba wa mbiri yoyera. Anthu ankawagwadira n'kupsompsona dzanja lawo. Koma mtendere umene anauyembekezera moyo wawo wonse sunabwere. Pa Misa ankaona ana awo ataimirira kutalikirana, wina kukhomo ili wina kukhomo ilo.

Munthu wa ng'ombe imodzi kuno safa ndi njala. Amapeza mnzake wa ng'ombe imodzi, n'kumalima mosinthana, lero kwa uyu mawa kwa uyo. Mvula yoyamba itagwa, Yigzaw anapangana ndi mnansi wina. Tsoka lake, ng'ombe ya mnansiyo inazoloweranso kumanja. Zinkakankhana tsiku lonse, mzere n'kumakhota ngati podutsa njoka, mpaka mnansiyo anatopa n'kukafuna wina. Chekol anamanga Bure ndi kang'ombe ka msuweni wake. Bure anayenda pang'ono, n'kugona mumzere momwemo. Chikwapu chinatha, iye ali gone. Tsiku lachiwiri anathyola goli. Madzulo ng'ombe ziwirizi zinkalirirana kudutsa pa mpanda wa minga, mudzi wonse ukumva. Eni ake okha ndi amene anali ogontha.

Tefu, mbewu ya timaso ting'onoting'ono yopangira injera, safesedwa pa nthaka yolimidwa kamodzi. Amafuna munda wobwerezedwa mpaka dothi litasalala ngati ufa. Anthu ena anali akulima kachitatu, minda ya ana a Bitew idakali thengo. Yigzaw anali ndi ana asanu, mkazi wa Chekol anali woyembekezera, ndipo mitambo inali ikudera tsiku ndi tsiku.

"Abba, ndachimwa," anatero Amayi Tiruye atagwada. "Ndinkaopa kuti wina adzati amayi anasankha. Tsopano onse awiri afa ndi njala, ndipo afa osalankhulana. Ndibwezereni mawu anga, ndigawenso."

"Mawu a wakufa sabwezedwa, Amayi. Ng'ombezo si zanunso. Anyamata anu ndawaitanitsa kangapo. Wina akuti mutu, wina akuti mwendo."

"Nanga nditani?"

"Pempherani."

"Ndikupemphera, Abba, koma mvula sikudikira."

M'mawa mwake atamaliza kupera anakabwereka khasu la tchalitchi, lokumbira manda, popeza iwo analibe ngakhale chipande. Anatsikira kumunda kwa Yigzaw n'kuyamba kugaula pangodya. Kuno mkazi sagwira pulawo, ndipo khasu ndi la kadimba ka tsabola kuseri kwa nyumba. Munda wa tefu palibe anaulimapo ndi manja. Pofika masana anali atagaula malo oyala mphasa ziwiri.

Yigzaw anabwera akuthamanga. "Amayi, mukutani? Siyani zimenezo."

"Ndinakulanda ng'ombe, mwana wanga. Malo ake ndalowa ine. Mawa ndili kwa mng'ono wako, usandiyembekezere. Ndibweranso mkuja."

"Ndilibe mng'ono ine."

"Ndiye ndili kwa mwana wanga winayo."

Mawa lake Chekol sanapemphe n'komwe, anangowalanda khasu n'kukalibisa. Iwo anakabwereka lina kwa mayi woumba mbiya uja. Lero kwa uyu, mawa kwa uyo, monga mmene zichitira ng'ombe zosinthana. Tsiku la msika anthu odutsa pamsewu anaima n'kumaloza.

"Taonani, ana a Bitew apeza ng'ombe yovala chipewa."

"Yabwino imeneyo, siidya udzu. Lachitatu ndi Lachisanu siidya n'komwe."

Mawuwo anafika kuchitsime, akazi a anyamatawo anawatunga pamodzi ndi madzi n'kukawathira m'makutu mwa amuna awo. Ena amanena kuti mayiwa anachita zonsezi mochenjera pofuna kuchititsa ana awo manyazi. Ine ndimakana. Onena zimenezo sanamve za zikhatho zawo, zimene zinatumbuka matuza mpaka Abba anawaletsa kugwira tirigu wa paguwa kufikira mabala atapola. Chimenechi chinawapweteka kuposa msana. Analibe nzeru ina. Anaona kuti alakwa, ndipo chimene chinawatsalira kuti alipire chinali thupi lawo lokha.

M'mawa wina, pa tsiku la Chekol, anatsika phiri mochedwa, akutsamira khasu ngati ndodo. Asanafike pamtunda poonekera munda anamva chikwapu chikulira, kenako liwu likuitana mayina awiri motsatizana, Dalecha, Bure. Anaima. Anaganiza kuti makutu a ukalamba ayamba kuwanamiza. Atasuzumira anaona dothi lakuda litatembenuzidwa kuchokera kumsewu mpaka pamkuyu, ng'ombe ziwiri pansi pa goli limodzi, Yigzaw atagwira pulawo, Chekol akuphwanya zibuma pambuyo. Sankayang'anana, koma ankalankhula.

"Mzere uwo wakhota, achimwene."

"Wakhota chifukwa Bure wakoyu wanenepa ndi ulesi. Unkamudyetsa chiyani, uchi?"

"Nanga wanuyo? Nthiti zokhazokha, munthu akhoza kuimbirapo nyimbo."

Amayi Tiruye anakhala pamwala n'kulira ngati mwana, kulira kwa munthu amene watula mtolo umene ankati afa nawo. Anamva pambuyo pake kuti mbandakucha Chekol anapita pakhomo pa mkulu wake atasenza mwala pakhosi, monga achitira wopempha chikhululukiro, n'kugwada. Yigzaw anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anachotsa mwalawo n'kunena kuti: "Taya uko. Miyala yachuluka kale m'munda mwako."

Anyamatawo atawaona anasiya ng'ombe n'kubwera kudzagwira mapazi awo. Iwo anapukuta misozi ndi nsonga ya nsalu. "Khasu ili ndi la eni, wina akabweze," anatero. "Ine ndatopa. Ndipo ng'ombe zisaime, dzuwa likukwera."

Anafesa mochedwa, zokolola zinali zochepa, koma palibe mwana amene anagona ndi njala. Minga ya pakampata paja anaisonkhera moto.

Zaka zimene zinatsatira zinali za mtendere. Amayi Tiruye ankapera tirigu tambala asanatsike, ankasambitsa akufa amene analibe abale, ankakhala ndi amayi pa nthawi yobereka. Chakudya chimene ana awo ankawatumizira chinkathera kwa osauka ogona pachipata cha tchalitchi. Anthu akabwera kudzafunsa nzeru za kagawidwe ka chuma chamasiye ankaseka. "Mwasochera. Ine ndi uja ndinalekanitsa ng'ombe. Kafunseni ng'ombezo, ndi zimene zinadziwa."

Anadwala chikondwerero cha Kubadwa kwa Ambuye chili pafupi. Thupi linatha msanga, ndipo aliyense anaona kuti ulendo wafika. Tsiku lina ali gone anamva ana awo akukangana kunja kwa kanyumba, motsitsa mawu. Anatchera khutu.

"Pa sadaka yawo tidzapha Dalecha," ankatero Yigzaw. "Ine ndine wamkulu. Anandilera osandibereka, ndiwabwezera chiyani?"

"Ayi achimwene, Bure. Amene anawaliza ndine."

Anawaitana. "Ndani akufuna kupha ng'ombe?"

"Amayi, ndi mwambo," anatero Chekol. "Mayi ngati inu, sadaka yopanda ng'ombe? Ansembe, madikoni, mudzi wonse, adzadya chiyani? Adzati ana a Bitew anamana mayi awo ngakhale atafa."

"Ndipo ina ikaphedwa, inzake idzalima ndi ndani? Inu mudzakumana kuti m'mawa?"

"Tidzagula ina."

"Ina idzazolowera kumanja."

Anapempha, anadandaula, koma pa nkhani iyi anyamatawo anagwirizana kukana. Alemneh, amene tsopano analibe mano koma nyama ankaikondabe, anawaikira kumbuyo. Ngakhale Abba anangotambasula manja, nati sadaka ndi ya otsala, wakufa salamula mphika.

Pa tsiku la Kubadwa kwa Ambuye mpweya unayamba kuvuta, ndipo Abba Mekuria anabwera ndi Mgonero. Amayi Tiruye anawakodola kuti aweramire pafupi.

"Abba, ndikapita lero, tsiku la sadaka ligwa pati?"

Abba anawerenga pa mfundo za zala. "Ligwa kusanayambe Kusala Kwakukulu, Amayi. Nthawi ya maukwati ndi nyama."

"Ndiye ndidikira pang'ono."

Ndipo anadikira. Ankamwa madzi a supuni, ankagona maso otseka milomo ikuyenda, anthu n'kumasinthana kuwalonda. Birke anabwera kuchokera kumudzi kwa mwamuna wake kudzalira, n'kupezeka akuwaphikira phala. Chikondwerero cha Ubatizo wa Ambuye chinafika. Ng'oma ndi nyimbo zinatsikira kumtsinje n'kubwerera, ndipo mdzukulu anawabweretsera madzi odalitsidwa n'kuwawaza pamphumi. M'mawa mwake anatsegula maso.

"Abba, nanga lero?"

Abba anawerenganso, kawiri, kuti asalakwitse. Kenako anaseka, misozi ili m'maso. "Ligwa mkati mwa Kusala, Amayi. Palibe mpeni umene udzakhudze chamoyo."

"Mulungu alemekezeke. Ndipatseni Mgonero."

Analandira. Anagwira dzanja la Yigzaw kumanja, la Chekol kumanzere, Birke atawatsamiritsa pachifuwa. Anawauza kuti mphero ndi ya tchalitchi, wina asadzaitenge poyesa ndi yawo. Dzuwa litafika pakhomo la kanyumbako anapuma mpweya wotsiriza mofatsa, ngati munthu amene wamaliza kupera n'kukhala pansi.

Anyamatawo anazindikira zimene zinachitika ali pa njira yochokera kumanda. Chekol anaima, n'kugwira mkono wa mkulu wake. "Achimwene, amayi atigonjetsa." Yigzaw anagwedeza mutu.

Sadaka inachitika pa tsiku lake. Panali injera yosaneneka, nsawawa zopera, mphodza ndi mowa wa balere, ndipo osauka a pachipata anakhala pamphasa zoyamba. Alemneh anadya mbale zitatu akudandaula kuti mlongo wake wamusalitsa ngakhale ali m'manda. Palibe amene ananena kuti ana a Bitew anamana mayi awo, chifukwa pa Kusala ngakhale mfumu imadya mphodza.

Ifeyo amene timakangana pa chiwaya maliro asanatuluke m'nyumba, tikadutsa pa mphero ija tizichita manyazi pang'ono. Mayiwa anagawa molakwa pa mwambo, koma sanalole kuti mwana amene anadya pa chiwaya chawo atchedwe mlendo, ndipo mtengo wa chisankho chimenecho anaulipira okha, ndi zikhatho, ndi msana, ndi masiku awo otsiriza. Mulungu awapumitse pamodzi ndi olungama.

Mvula yoyamba inagwa sabata yotsatira sadaka. M'mawa mwake Chekol anatulutsa Bure kudzera pakampata paja, ndipo anapeza achimwene ake akumudikira kale, goli lili paphewa.